Makutu a Apongozi

Kempton Park, Joni
Lachiwiri, 3 Juni 2025

Kwa mkazi wanga Juliana, amake Hellen,

Ndiyamba ndi moni monga mwa ulemu, ngakhale ndikudziwa kuti munthu amene wagona m'chipatala ndi zitsulo m'ntchafu safunsidwa ngati wadzuka bwino. Ine kuno ndili moyo mwa chifundo cha Mulungu, kungoti chisanu chayamba msanga chaka chino.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Munagwa pa ngolo Lachinayi. Loweruka madokotala a ku Lusaka anang'amba mwendo ndi kulumikiza fupa. Ine mwamuna wanu ndauzidwa dzulo, Lolemba, pambuyo pa mudzi wathu wonse wa Kanakantapa, pambuyo ngakhale pa mwini ngoloyo ndi ng'ombe zake. Hellen akuti sanafune kundidetsa nkhawa. Mwana amene ndinamulera ine ndiye wayamba kundisankhira zoti ndimve. Ndiponso ndifunse: mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu amafunako chiyani pamwamba pa matumba a chimanga? Ndinalemba momveka mu Epulo kuti zotuta muzisiyire aganyu.

Popeza magalasi anu anasweka pa ngoziyo, tichita motere. Ine ndizilemba ndi dzanja monga mwa nthawi zonse. A Fabiano, amene amasamala maluwa pa nyumba yoyandikana ndi ya adona anga, azijambula pepalalo ndi foni yawo ndi kutumiza kwa Hellen, ndipo Hellen azikuimbirani pa kafoni kanu ndi kukuwerengerani liwu lililonse. Nkhani zolemera sindizinena pa foni, chifukwa pa foni mumandidula mawu.

Ndamva kuti kusukulu kumene akuphunzitsa ku Rufunsa anangomupatsa Hellen masiku awiri, ndipo amene watsala kukuyang'anirani ndi mwamuna wake, Boyd. Zimenezi sizinandikomere. Mkamwini amene sitinamulowetse m'nyumba malo ake ndi panja. Agule zofunika, afunse madokotala, koma chakudya azipereka kwa anamwino kapena kwa amayi a pa kama woyandikana nanu. Chipatala sichifafaniza mwambo.

Pali nkhani ina imene ndikadakonda kusailemba. Hellen wanena kuti chichitireni opaleshoni simunapite kuseri, ndiye kuti mwadzimbidwa, mundikhululukire liwulo, ndipo madokotala sakutulutsani kufikira m'mimba mutamasuka. Akuti zimadza chifukwa chogona malo amodzi ndi mankhwala opha ululu. Musachite manyazi kuuza anamwino zoona. Imwani madzi ambiri, ndipo idyani papaya ngati alipo.

Ndatumiza ndalama zogulira ndodo zoyendera ndi bulangete lina. Chimanga chisagulitsidwe kwa anthu oyendayenda ndi masikelo awo. Chithiridwe mankhwala a anankafumbwe, chidikire mawu anga. Za kubwera kwanga sindinganene lero. Pali zina zofunika kukonza kuno.

Ine mwamuna wanu,
Evaristo Mwape


Lolemba, 9 Juni

Amake Hellen,

Moni. Ndikhulupirira kuti mwendo ukupola. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Ndinakondwa Lachisanu nditamva kuti m'mimba munamasuka ndipo mwabwerera kunyumba. Ndinapita ndithu kukayatsa kandulo kutchalitchi, osadziwa chimene ndinali kuthokozera. Dzulo mlongo wanga Clarissa, atatuluka Misa ku Kasisi, anabwera kudzakuonani, ndipo pambuyo pake anandiimbira foni. Akuti anaodira, analowa, napeza Boyd atakhala m'chipinda chathu chogona, pambali pa kama wathu, zala zake zili pa makutu anu, inu mutatsinzina. Akuti pomuona sanaimirire n'komwe. Anangoti, "Mwauka bwanji ba anti, lekani nisilize khutu iyi." Asilize khutu la yani?

Ndafunsa Hellen, ndipo wavomera zonse popanda kuphethira. Akuti namwino wina m'chipatalamo anamata tinjere ting'onoting'ono ndi pulasitala pa malo anayi a khutu lililonse, nati tizitsindikidwa ndi chala katatu pa tsiku, khutu lonse lizitikitidwa kufikira litatentha, ndipo matumbo adzadzuka. Akuti poti dzanja lanu lamanja linabinya ndipo lili m'bandeji, namwinoyo anaphunzitsa amene anamupeza pafupi, ndiye Boyd. Akuti tinjere tikagwa posamba, iye yekha ndiye akudziwa pobwezera.

Ine ndinafika Fomu Thuu pa sukulu ya mishoni. Wansembe amene ankatiphunzitsa za thupi la munthu anali ndi chithunzi chachikulu cha m'mimba pa khoma, ndipo ndinachiloweza chonse. Panalibe njira yochokera kukhutu kupita kumatumbo. Chimene chinakuthandizani ndi mankhwala amadzi amene anakupatsani, pamodzi ndi papaya amene ndinanena ine. Wogulitsa tomato ngati Boyd sasanduka dokotala chifukwa chogona masiku asanu pa khonde la chipatala.

Koma zikanakhala zoona, mlandu ukanakhalabe womwewo. Kumbukirani kuti ine ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi osaona m'kati mwa nyumba ya amayi anu. Tikakumana pa njira ya kudambo ndinkapatukira m'tchire, minga ikundilasa, kufikira atadutsa. Sindinawayang'anepo kumaso. Tsiku limene atate anu anandiphikitsira nkhuku ndi kundilowetsa, Hellen anali atayamba kale sukulu. Boyd wakhala pakhomo pathu zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo mwambo womulowetsa ndinati udikire ine. Sunachitike. Iye sindimudabwa: analeredwa m'komboni ku Lusaka, kumene apongozi ndi mkamwini amadyera mbale imodzi. Amene ndikudabwa ndinu, amene mukudziwa zonsezi.

Choncho ndikulamula motere. Kuyambira lero Boyd asapondenso pa khomo la nyumba yanga. Nyumba yake ili kuseri kwa nkhokwe, akhale komweko. Tinjereto tichotsedwe. Clarissa wavomera kusamukira kwanu kufikira mutayamba kuyenda, ndipo iye ndiye azikusambitsani ndi kukuphikirani. Hellen, uwerenge ndime imeneyi kawiri.

Sabata ino kunabwera anthu ena mumsewu mwathu kudzafunsa mayina a antchito a m'nyumba. Ine ndinali kuseri kwa mpanda wa maluwa. Si nkhani yoti muiganizire.

Ine mwamuna wanu,
Evaristo Mwape


Lachinayi, 12 Juni

Amake Hellen,

Landirani moni wanga. Ine ndili bwino, ndipo ndakondwa kumva kwa Clarissa kuti mawu anga atsatidwa. Akuti Boyd akumasiya nkhuni ndi madzi pansi pa mtengo wa mango, n'kubwerera. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Akutinso vuto lija labwerera, ndipo lero ndi tsiku lachinayi, mimba yauma ndipo mukudandaula. Akuti inu mukunena kuti zayamba chichotsereni tinjere. Zimenezo ndi zongoganiza. Mankhwala amadzi aja anatha tsiku lomwelo, Lolemba, nanga bwanji simukunena amenewo? Ndauza Clarissa agule mafuta a nsatsi ku Chongwe akupatseni pa supuni. Tonse tinakula nawo, ndipo palibe anafunapo kugwidwa makutu.

Tsopano nkhani ya mpando. Clarissa posesa anapeza mpando wanga wa mtengo wa mukwa, uja ndinagula ndi malipiro anga oyamba, uli m'chipinda chogona utabooledwa chibowo chozungulira pakati, chidebe chili pansi pake. Akuti Boyd anatero chifukwa simungathe kunjuta pa chimbudzi. Pakhomopo pali mipando ingati? Pali ya pulasitiki inayi imene Hellen anagula. Iye anasankha umodzi wokhawo umene amakhalapo mwini nyumba, nautengera sowo. Munthu wotere ndi wopanda mwambo ndiponso wopanda mantha. Mpandowo utulutsidwe, utsukidwe, uikidwe m'nyumba ya matumba kufikira nditauona ndi maso anga. Chimbudzi chili panja pomwepo, ndodo ndinagula, ndipo Clarissa ali ndi mapewa. Madokotala omwe amati kuyenda pang'ono n'kwabwino.

Adona anga akhala akulandira alendo oyendera nyumba ndi kuyeza zipinda. Sananene kanthu kwa ine.

Ine mwamuna wanu,
Evaristo Mwape


Lamulungu, 15 Juni

Amake Hellen,

Moni. Sindifunsa za moyo wanu chifukwa ndauzidwa. Ine sindinadye lero.

Hellen anaimba pa foni ya a Fabiano dzulo, ndipo anandilankhula monga mmene mwana salankhulira atate ake, a Fabiano akumva. Zimenezo tidzakambirana. Ndilemba pano zimene wandiuza, kuti ngati pali bodza mundikonze.

Akuti Lachisanu m'mawa Clarissa anakumwetsani mafuta a nsatsi masupuni atatu akuluakulu, nawonjezera madzi a mizu ina imene anapatsidwa ndi mnzake wa kutchalitchi, kenaka n'kunyamuka kupita kuchigayo. Akuti dzuwa lili pamutu m'mimba munayamba kupota. Munaitana, palibe anayankha. Mpando munalibe. Munadzuka nokha ndi ndodo, dzanja limodzi lili m'bandeji, ndipo pa chitseko cha pabalaza ndodo inaterereka. Zina zimene zinachitika muli pansipo sindizilemba. Akuti ku kiliniki ku Chongwe anapeza kuti posokedwa pamasuka malo atatu, koma zitsulo sizinasunthe. Tithokoze Mulungu pa chimenecho.

Ine ndinati supuni. Sindinati masupuni atatu, ndipo za mizu sindinatchule. Clarissa ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri koma mpaka lero sadziwa kuti munthu womwa nsatsi sasiyidwa yekha. Ndamuuza mawu amene sadzaiwala.

Koma amene wandipsetsa mtima koposa ndi Boyd. Akuti anamva kulira ali m'dimba la tomato, nathamanga, nafika pa khomo, n'kuima. Anaima. Akuti anayamba kuitana amayi a nyumba zoyandikana, pamene onse anali kumunda, iye akuzungulirazungulira pabwalo, inu muli pansi pa simenti yozizira. Mpaka inu munachita kunena kuti, "Lowa iwe Boyd, ufuna nifere pano?" Pamenepo ndiye anatenga chitenje pa chingwe, nakufunditsani, nakunyamulani. Mwamuna wamkulu, wa mwana, sadziwa kusiyanitsa lamulo la masiku onse ndi ngozi? Ndinamufunsa Hellen funso lomweli.

Yankho lake linali ili: "Atate, anaima chifukwa ni iye anawerenga kalata yanu. Kawiri, monga munakambira."

Ndiye ndauzidwa tsopano kuti ku Rufunsa foni imavuta ndipo Hellen amakhala m'kalasi, choncho kuyambira kalata yoyamba wakhala akungotumiza zithunzi za mapepala anga kwa mwamuna wake. Akuti Boyd amaima panja pa zenera lanu ndi kuwerenga mokweza, osadumpha liwu, za komboni zomwe, za tomato zomwe. Akuti inu munamuuza kuti adumphe, iye anakana, nati akulu analamula liwu lililonse.

Imeneyi ndi nkhanza imene Hellen wandichita. Kalata ya mwamuna kwa mkazi wake si chikwangwani cha pamsika. Ndamuuza apeze wina wowerenga, iye akuti pafupi palibe wina wa foni yoonetsa zithunzi. Chabwino. Amene akuwerenga awerenge. Sindibweza liwu lililonse, koma sindikanalemba motero ndikadadziwa.

Ine mwamuna wanu,
Evaristo Mwape


Lachitatu, 18 Juni

Amake Hellen,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa onse amene akumva kalatayi. Ine ndili bwino, chifuwa pang'ono chabe.

Ndamva kuti ku kiliniki anakupatsaninso mapiritsi amphamvu a ululu, ndipo chichokereni kumeneko m'mimba mwatsekanso. Ndamvanso kuti Clarissa anayesa yekha za makutuzo Lolemba, Boyd akumulangiza ali panja, ndipo anakukokani ngati akulanga mwana wakuba shuga, inu n'kumuthamangitsa ndi ndodo. Wabwerera ku Kasisi akulira, akuti sanatukwanidwepo chotero. Analakwa, inde, koma ndi mlamu wanu, ndipo anasiya nkhuku zake chifukwa cha inu. Tsopano masana mukusambitsidwa ndi amayi a nyumba zoyandikana, aliyense pa nthawi imene wapeza. Si mmene nyumba ya Mwape iyenera kuonekera.

Za mpando ndalingalira. Chibowo chinabooledwa kale ndipo sichingatsekeke. Ubwezedwe m'chipinda.

Za makutu maganizo anga sanasinthe. Dzulo popuma ndinayesa kutsindika khutu langa pa malo onse kwa mphindi khumi, ndipo chimene ndinapeza ndi khutu lofiira basi. A Fabiano akuti anafufuza pa foni napeza kuti zipatala zina zimachitadi zimenezi. Pa foni pamapezeka chilichonse. Komabe, popeza inu mwaika mtima pamenepo, ndipo mtima wa wodwala ndi mbali ya mankhwala, ndapeza njira yosaswa mwambo. Kama asunthidwe afike pa zenera, kumutu kukhale kuzenerako. Pa zenera pakolekedwe chitenje chochindikala. Boyd aime panja, alowetse manja okha pansi pa chitenjecho, achite zimene anaphunzitsidwa, osakuonani kumaso ndiponso osaponda m'nyumba. Asambe m'manja ndi sopo, ndipo pakhale mayi wina wamkulu m'chipindamo. Ndaganiza zimenezi masiku awiri, ndipo sindikuona cholakwika.

Izi zikhale choncho kufikira Ogasiti, pamene ndidzabwera kudzachita mwambo womulowetsa monga mwa dongosolo lake.

Thumba limodzi la chimanga ligayidwe mgaiwa, musadye ufa woyera masiku ano. Therere ndi masamba a maungu zisasowe.

Ine mwamuna wanu,
Evaristo Mwape


Loweruka, 21 Juni

Amake Hellen,

Moni. Kaya muli bwanji, poti palibe akundiuza.

Pa kalata yonse ija, imene ndinailemba mosamala, yankho limene ndalandira ndi mzere umodzi wochokera kwa Hellen, wakuti amayi akuti iwo si mbuzi yomwetsedwa mankhwala pa mpanda. Kuyambira pamenepo zii. Ndaimba pa kafoni kanu kasanu, mukungokasiya kakulira. Hellen sakuyankha. Clarissa akuti asafunsidwe za pakhomo pamene anathamangitsidwa. A Fabiano ayamba kundiyang'ana mwachisoni ndikamapita kukafunsa ngati kwabwera uthenga, ndipo ine sindinabwere ku Joni kudzamveredwa chisoni ndi munthu wa ku Mozambiki.

Zaka makumi anayi ndi chimodzi za ukwati, sindinakusiyenipo mwezi wopanda kalata. Ndadulira maluwa a eni m'chisanu chong'amba zala kuti pa nyumbayo pakhale malata. Ngati ndalakwa, munthu amauzidwa. Kukhala chete ndi mwano.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu chigwereni chachiwiri. Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ndipo mukuchidziwa. Wowerenga kalatayi, ngati ena onse akana, ayankhe ndiye.

Evaristo Mwape


Lachiwiri, 24 Juni

Kwa mkazi wanga Juliana,

Moni. Ine ndili moyo.

Yankho lafika dzulo, ndipo lachokera kwa amene ndinamupempha. Walemba mwaulemu, mizere isanu ndi umodzi, osawonjezera za iye mwini. Akuti chigwereni munangopita kuseri kamodzi, pang'ono, ndi ululu waukulu. Akuti masiku asanu tsopano mukungomwa phala lamadzi, masupuni owerengeka, ndipo chitenje chayamba kukuzungulirani kawiri. Akuti namwino wa ku kiliniki anabwera kudzatsuka bala, nanena kuti fupa silingagwirane mwa munthu wosadya, ndipo ngati pofika Lachinayi palibe kusintha mubwerere ku Lusaka. Walembanso mawu anu monga munawanenera: "Muwauze, ngati manyazi yao ni yakulu kupambana mimba yanga, nizaleka kudya, pasakhale chofuna kutuluka."

Ndinakwiya powerenga, ndipo ndikadali wokwiya. Mayi wa msinkhu wanu sasewera ndi njala pofuna kugonjetsa mwamuna wake. Koma ndamvanso chifukwa chimene mwakanira kuti Boyd akugwireni ngakhale Hellen anakupemphani Loweruka. Clarissa anafalitsa nkhaniyi ku Kasisi konse, amayi a kutchalitchi akunong'onezana kuti amake Hellen amatsinzina mkamwini akuwasisita, ndipo inu mwati amene anaika mawu ndiye awachotse, anthu akumva. Pamenepo simunalakwe. Mawuwo ndinaika ndine.

Tsopano ndinene za Ogasiti. Sindibwera mu Ogasiti. Ndinanena Ogasiti chaka chatha, ndinanenanso Khirisimasi, ndipo inu munakhala ngati mukukhulupirira. Mapepala anga okhalira kuno anatha zaka zapitazo. Ndikatuluka pa chipata cha m'malire a dziko sadzandilolanso kulowa, ndipo pa msinkhu wanga palibe amene angandilembe ntchito ku Lusaka. Nyumba ya adona ikugulitsidwa. Ndikufuna kuimirira kufikira tsiku lomaliza, chifukwa pali chimene anandilonjeza. Zina zonse ndidzanena ndi pakamwa. Choncho mwambo wa Boyd sunachedwe chifukwa cha cholakwa chake. Unali kudikira munthu amene ankadziwa kuti sabwera, ndipo ndinalola kuti mnyamatayo aziima panja zaka zisanu ndi chimodzi m'malo moti ndivomere zimenezo. Sindizibwereza, ndipo Hellen asandifunse.

Zichitike motere. Hellen aimbire Clarissa abwere mawa ndi minibasi yoyamba, akwiye asakwiye. Iye ndiye mlongo wanga wamkulu, aimirire m'malo mwanga. Tambala wofiira aphedwe, aphikidwe wathunthu, aikidwe pa tebulo la pabalaza. Paitanidwe amayi awiri a kutchalitchi, makamaka amene amalankhula kwambiri. Clarissa amugwire Boyd pa dzanja, amulowetse, amuonetse zipinda zonse, ndipo adye nonse pamodzi. Lamulungu Clarissa yemweyo akanene ku Kasisi, pa khomo lomwe ananenera zoyamba zija, kuti mkamwini wa a Mwape walowetsedwa ndi chilolezo cha mwini nyumba.

Za makutuzo sindikuzikhulupirirabe. Mankhwala amadzi aja agulidwenso lero ku Chongwe, ndipo ngati pofika Lachinayi m'mawa palibe chachitika, mupite ku Lusaka osadikira kalata ya munthu aliyense. Inu Juliana, mudye. Ndanena.

Zotsalazi si zanu, koma mumve.

A Boyd, ndikudziwa kuti mwaima pa zenera. Sindinakulembereni kalata chikwatirireni mwana wanga, ndipo zimene mwawerenga za inu m'makalata anga munaziwerenga ndi pakamwa panu, osadumpha. Ine sindikadatha. Atate a mkazi wanga pondilowetsa anandiuza mawu awa, ndipo ndikuwapereka kwa inu monga ndinawalandirira. Muwawerenge mokweza kuti apongozi anu akhale mboni. Nyumba iyi ndi yanu. Mukamva kulira m'katimo musaodire. Amene agona m'menemo ndi amayi anu.

Nkhuku ndi ya mawa, ndipo ndi ya anthu. Mawu anga ndi a lero. Musadikire Clarissa, musadikire tambala. Ikani foni pansi, sambani m'manja ndi sopo, mulowe.

Ine mpongozi wanu,
Evaristo Mwape